Ndinanyamula masanzi anga kupita nawo kwa ankhoswe

Ndinanamizira mkazi wanga kuti amandidyetsa mankhwala. Ndinamunamizira pamaso pa abale ake, jumbo ya masanzi anga ili m'manja ngati umboni. Chaka chatha chimenechi. Inu owerenga, makamaka amuna anzanga amene imvi zayamba, imvani zimene ndinachita kuti musadzazichite.

Ndinali dalaivala wa mathiraki zaka makumi awiri ndi zitatu. Mchinji, Chipata, Lusaka, kubwerera, nthawi zina Beira. Ndinakwatira kufupi ndi ku Ludzi, ndipo ndinakhala pachikamwini, kwawo kwa mkazi, monga timachitira kwathu kuno. Mkazi wanga ndi Nabanda. Tinabereka ana anayi, onse ndi akuluakulu tsopano. Kunyumba ndinkafika masiku atatu kapena anayi pamwezi. Ndikafika, nkhuku inkafa. Ndinkatsitsa shuga, sopo, chitenje cha ku Zambia, anthu n'kumati abwana afika. Ine ndinkayesa banja ndi limenelo.

Kenaka maso anayamba kuona nkhungu. Kuchipatala anandiyeza, kuntchito anati ndipereke makiyi. Sanandilakwire. Munthu wosaona bwino sangayendetse thiraki pamsewu wa anthu. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinabwerera kumudzi pa minibasi, nditapanikizidwa kumbuyo ngati thumba la makala.

Sabata yoyamba nkhuku inafa. Yachiwiri sinafe. Apa m'pamene ndinayamba kuona zimene sindinkaziona. Pakhomo pankayenda bwinobwino popanda ine. Nabanda ankadziwa tsiku lofesa nazale ya fodya, munthu wobwereka ngolo, mbuzi yoyenera kugulitsa. Ana akaimba foni ankangoti, "Muli bwanji adadi? Apatseni amayi." Anthu akamalozera mlendo njira ankati uko n'kwa Nabanda. Ndinayesa khasu. M'manja munatuluka matuza, mizere yanga inakhota ngati njoka, amayi a munda woyandikana anaseka mobisa. Ndinataya khasu. Ndinakhala pakhonde.

Pakhonde pomwepo chinthu chija chinandipeza. Dzina lake sindinkalidziwa. Ndikadzuka, pachifuwa pankalemera ngati andiikapo tayala. Chilichonse chinkandinyansa. Fungo la khola la mbuzi. Nyimbo za kwaya zimene Nabanda ankaimba posesa. Mimba yanga yomwe, yotuluka ngati ya mayi wapakati. Chakudya chikabwera, mseru. Ndinayambanso kulota malemu bambo anga. Maloto ake amodzimodzi: iwo akhala pampando wanga m'thiraki, agwira chiwongolero, ine ndili panja ndikugogoda chitseko, iwo osandiyang'ana. Ku Misa ndinkapita, koma mapemphero ankangothera pamilomo.

Nabanda anaona. Anandiuza kuti ndikacheze ndi abambo mfumu a kuparishi, kapena munthu wina wa kuchipatala amene amamvetsera anthu ovutika maganizo. Ndinamukalipira. Ndinati ine si wamisala, ndipo mwamuna wawoloka malire a mayiko sakhala pabenchi kuuza mnzake maloto. Anangopitiriza kusankha nyemba.

M'malo mwake ndinayamba kupalasa njinga kupita ku boda, pamalire ndi Zambia. Ndinkanama kuti ndikukafuna ntchito. Zoona zake ndinkangokakhala pafupi ndi mzere wa mathiraki, kununkhiza dizilo. Madalaivala ankandipatsa moni, "Madala, boo?" n'kukwera n'kumapita. Tsiku lina bambo wina wosintha ndalama, amene tinkadziwana kale, anandiyang'ana n'kunena kuti ndaonda, ndipo kuonda kotere si kwa Mulungu. Anandilozera kwa mneneri wina amene ankapempherera anthu masana mu shedi ya malata, kuseri kwa malo ometera tsitsi.

Ndinapita. Mneneriyo anali wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, suti yonyezimira, nsapato zosongoka. Anandiimika pakati pa anthu n'kundifunsa mafunso atatu. Ngati chakudya cha kunyumba chimandikomera. Ndinati ayi. Ngati ndimalota akufa. Ndinati inde. Ngati mphamvu za kuchipinda zachepa. Ndinaweramitsa mutu, anthu anaseka.

"Bambo, mwadyetsedwa," anatero. "Amene amakuphikirani akufuna mukhale chitsiru cha pakhonde, iye azilamulira."

Inu owerenga, mafunso amenewo mutafunsa amuna khumi a msinkhu wanga, ambiri angayankhe ngati ine. Lero ndikudziwa. Koma tsiku limenelo ndinakondwa. Ichi ndicho chimandinyansa koposa. Munthu akundiuza kuti mayi wa ana anga akundilodza, ine mumtima ndinamva kupepuka. Wolakwa anapezeka, ndipo sanali ine.

Anandimwetsa makapu atatu a madzi ofunda othira mchere ndi mafuta. Anandigwaditsa pamaso pa beseni. Amayi akuimba, wina akujambula ndi foni, ine bambo wa zidzukulu ndikusanza ngati galu wadya chule. Mneneri anatenga kamtengo, anavundula, n'kutulutsa tsitsi ndi ulusi wakuda womanga mfundo. Anthu anakuwa. Ndani anandiuza kuti nditenge? Palibe. Ndinapempha ndekha. Ndinathira mu jumbo, ndinaiika mu jumbo ina, ndinamanga pa kaliyala wa njinga, n'kupalasa kubwerera kumudzi.

Jumboyo ndinaipachika m'chigafa cha fodya. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kudya za Nabanda. Mukudziwa nonse tanthauzo la mwamuna kukana chakudya cha mkazi wake pamudzi. Safunika kulankhula. Mbale zikabwerera kukhitchini zosatsegula, mudzi wonse wamva. Iye ankaphika, n'kuika patebulo, n'kugwada ndi madzi osamba m'manja. Ine ndinkadzuka n'kupita kukadya tchipisi kumsika. Masiku asanu ndi anayi. Anandifunsa kamodzi kokha.

"Abambo ake Tiyamike, ngati ndalakwa ndiuzeni. Musandichititse manyazi ndi mbale."

Ndinati adzamva pamaso pa anthu.

Ndinaitanitsa ankhoswe. Kumbali yanga anabwera malume ochokera ku Dambe. Kumbali yake anali mchimwene wake wamkulu, alamu anga a Lufeyo. Tinakhala patsinde pa mtengo wa mango Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nkhani ya banja imakambidwa ndi anthu ochepa, koma ine ndinali nditalengeza kale kumsika kuti ndili ndi umboni. Anthu anadzaza. Ena anaima kuseri kwa nkhokwe.

Ndinalankhula, n'kupita m'chigafa, n'kubwera ndi jumbo ija. Malume anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti ndisatsegule. Ndinawakankha. Ndinamasula mfundo.

Fungo lake sindingathe kulilemba. Masanzi a masiku asanu ndi anayi m'kutentha kwa Okutobala. Ntchentche zinafika nthawi yomweyo. Amayi anaphimba mphuno ndi zitenje. Galu wa pakhomo anabwera, ananunkhiza, n'kuchoka. Ine ndili chiimire, ndikuloza ndi kamtengo, ndikuti onani tsitsi, onani ulusi.

Nabanda sanalire. Anayang'ana jumbo, anayang'ana ine.

"Zaka zonsezi ndachapa zovala zanu zochokera paulendo," anatero. "Zina zinkabwera ndi fungo la mafuta odzola amene ine sindidzola. Sindinabweretse kwa ankhoswe ngakhale kabudula mmodzi."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. A Lufeyo analankhula mosakweza mawu.

"Alamu, nyumba mwamanga, zikomo, ndi ya ana. Mlongo wathu ngati ndi mfiti, tisiyireni, tizolowerana naye. Tengani bulangete lanu ndi njinga. Jumbo yanunso musaiwale, pano tilibe poisunga."

Anthu anaseka. Ine ndinachoka ndikudziona ngati wapulumuka.

Ndinapita kwathu ku Dambe, kwa alongo anga aakulu a Esinati. Ndinkayembekezera kuti tsopano ndichira, popeza wondidyetsa ndamusiya. Sabata inatha. Mwezi unatha. Mseru womwewo. Kulemera komweko pachifuwa. Maloto omwewo. Ndinapezanso khonde n'kukhalapo.

A Esinati si munthu wonyengerera. Tsiku lina masana akuswa mtedza, ndinakankha mbale ya mbatata imene anandipatsa. Anaika lichero pansi.

"Nanga inenso ndakudyetsa? Kapena upite ukatenge jumbo ina?"

Kenaka anafunsanso.

"Tsitsi lako lija linali lalitali bwanji?"

Ndinaonetsa ndi chikhadabo. Linali lalifupi, tizidutswa.

"Nabanda amameta ndi makina? Mneneri wakoyo amapempherera kuseri kwa chiyani? Iwe, mutu umenewu unkayendetsa thiraki bwanji?"

Ndinafuna kudzuka. Anati ndikhale, sanamalize. Anandiuza kuti ndidziyang'ane mmene ndakhalira: msana pakhoma, mwendo umodzi wotambasula, kulavula kumanzere. Anati kuyambira tsiku limene ndinafika akhala akuona mzukwa pakhonde pawo. Anati ndi mmene ankakhalira bambo athu.

Apa ndiyenera kunena za bambo. Anali kapitawo pa esiteti ya fodya kutali ndi kwathu. Ankabwera pa Khirisimasi ndi katundu, ife n'kumavina. Ntchito itatha anabwerera kumudzi kwa amayi. Anakhala pakhonde. Anayamba kutukwana, kumwa, kenaka kunena kuti amayi awalodza kuti asapezenso ntchito. Amalume anawathamangitsa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Akuchoka ndi kasutikesi kawo, ndinalavula pansi, ndinalumbira kuti sindidzakhala munthu wotere. Atamwalira kwawo, uthenga unandipeza pa boda. Ndikanatha kupempha masiku awiri. Ndinaliza injini n'kupita ku Lusaka.

"Ankachoka pano ali ndi zaka ngati zakozi," anatero a Esinati. "Iwo anangonena ndi pakamwa. Iwe wawaposa, wafika ponyamula masanzi."

Anatola lichero n'kupitiriza kuswa mtedza.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kagalasi kometera ndevu. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Masaya omwewo. Makwinya omwewo pakati pa maso. Inu owerenga, chimene chinkandinunkhira miyezi yonse ija sichinali khola, sichinali ndiwo za Nabanda. Ndinali ine. Mwamuna wopanda ntchito, wodalira mkazi pa chakudya, wosafunika pakhomo pake. Munthu wotere ndinamuda kuyambira ndili mwana. Nditasanduka iye, ndinalephera kudziyang'ana, ndiye ndinafuna wina womupaka.

Sindinachire tsiku limenelo. Ndinayamba ndadwala kwambiri, chifukwa tsopano wonamizira panalibe. Koma ndinapita kuchipatala kuja ndinakana. Anandipeza ndi zilonda za m'mimba, n'kundipatsa mankhwala. Mseru wambiri unali umenewo. Ananditumizanso kwa bambo wina wa m'kachipinda ka kumapeto, amene ntchito yake ndi kumvetsera. Ndinkayembekezera kuti andiuza zochita. Iye ankangofunsa. Anandifunsa kuti kupatula udalaivala, ine ndine ndani. Ulendo wina anandifunsa kuti m'maloto muja, bambo akanatsegula chitseko, ndikanawauza chiyani. Ndinatsegula pakamwa kuti nditukwane. M'malo mwake ndinalira. Mwamuna wamkulu, mamina mbwee, pamaso pa mlendo.

Ndinapita kwawo kwa bambo. Akuluakulu a pamudzi anandilola kulowa kumanda, anandiperekeza. Mitumbira ya zaka zimenezo inali itaphwa. Wina anati ndi apa, wina anati ayi, ndi pafupi ndi mtengo uwo. Ndinagwada pakati pa malo awiriwo. Ndinawauza bambo kuti tsopano ndadziwa mmene pakhonde pamawawira. Sindinawauze kuti anachita bwino, chifukwa sanachite bwino. Ndinapemphera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse pemphero linatsika kupitirira pakhosi. Maloto aja anayamba kubwera patalipatali.

Ndikudzisamalira chonchi, sindinkadziwa zimene ndinasiyira Nabanda. Anandiuza ndi mwana wanga wamkazi Tiyamike, pa foni, mawu ali ouma ngati akulankhula ndi munthu wa ku ofesi. Anati kumjigo amayi a m'mudzi ankasuntha zidebe zawo Nabanda akafika. Mpongozi wathu, mkazi wa mwana wathu wachiwiri, analeka kutumiza zidzukulu kukadya kwa agogo awo. Ndipo pamaliro, pamene amayi onse a m'mudzi amaphikira limodzi, anamuuza kuti iye azingotola nkhuni. Mthiko asagwire. Nabanda, amene kale ankatsogolera kuphika pa maliro ndi pa ukwati uliwonse kumeneko. Anthu omwe anandiseka tsiku la jumbo ndi omwewo ankati utsi sufuka popanda moto.

Ndinatuma malume kukapepesa. Anabwezedwa kawiri. Kachitatu Nabanda anati ndibwere, koma ndikalankhule pamtengo womwewo, pamaso pa anthu, monga ndinachitira poyamba. Ndinavomera. Ndinapita kumsika ndekha kukauza anthu tsiku. Koma kudzaona manyazi a mkazi kunabwera mudzi wonse, kudzamva kupepesa kwa mwamuna kunabwera anthu owerengeka. Ena anati ali kumunda.

Ndinaima. Ndinati ndinanama. Ndinati mkazi uyu sanandidyetsepo kanthu koma chakudya. Ndinati tsitsi lija linali la kometera, matenda anali a m'mimba mwanga ndi a mumtima mwanga. Ndinagwada pafumbi, ndinapempha kuti ndibwerere pakhomo.

Nabanda anali wataonda. Anandisiya chigwadire kanthawi.

"Ndamva," anatero. "Kukhululuka ndakhululuka, chifukwa Lamulungu ndimafuna kulandira Ukaristia ndi mtima woyera. Koma kukuphikirani, ayi. Mawa mukadzatsegula m'mimba, wolakwa ndidzakhalanso ine. Kaoneni ana ndi zidzukulu nthawi imene mukufuna. Pakhomo pano pokha, bambo, pepani."

Malume anandidzutsa n'kundisansa fumbi m'maondo ngati mwana. Tinakwera njinga.

Tsopano ndimakhala m'kanyumba kuseri kwa a Esinati. Ndimakonza njinga ndi zigayo zikawonongeka, manja akadali ndi nzeru ngakhale maso achepa. Khasu ndaliphunzira, mizere ikuwongoka. Mtima wakhazikika kuposa kale. Koma musaganize kuti nkhani yatha bwino.

Mwezi wathawu kunagwa maliro kwawo kwa Nabanda, ndinapita. Amuna tinakhala mbali yathu. Ndinayang'ana kumene amayi ankaphika. Miphika ikuluikulu, utsi, phokoso. Iye anali atakhala patali, pafupi ndi mulu wa nkhuni, manja ali pamiyendo. Ndinafunsa mayi wina wachikulire kuti bwanji, popeza ndinavomera pagulu kuti ndinanama. Anati, "Tinamva, bambo. Koma anthu ena amaopabe." Bodza ndinalinena m'mawa umodzi. Ndayesa kulibweza, lakana.

Inu owerenga, mawu anga ndi ochepa. Pali msinkhu umene ntchito imatha, thupi limafooka, ana safunanso nzeru zako. Pamenepo m'kati mwa munthu mumatuluka zinthu zimene anazikwirira kalekale. Zimanunkha. Si ufiti. Ndi zako. Pita kuchipatala akakuyeze. Peza munthu wokhwima maganizo umuuze, ngakhale maloto amene ukuchita nawo manyazi. Pemphera, koma thawa wopemphera amene amakupezera mdani usanamalize kukhala pansi. Wotero amakuuza chimene khutu lako likufuna, mawa ali ndi wina pabeseni, dzina lako waiwala.

Ndipo ngati muli ndi akufa amene simunawalire, kawalireni. Mukapanda kutero mudzawakwiyira mpaka kusanduka iwo.

Koposa zonse, musanaloze chala munthu amene wakuphikirani zaka zonse, tsekani pakamwa sabata imodzi, mudzifunse ngati fungolo silikuchokera kwa inu. Ine ndinafunsa mochedwa. Wolakwa ndine, koma amene akukhala pamulu wa nkhuni ndi Nabanda.